Khomo lakale la amayi

Maso a amayi anazima pang'onopang'ono, mpaka adokotala a ku boma anatiuza kuti tinachedwa nawo. Koma munthu wosawadziwa sakanakhulupirira kuti ndi osaona. M'mawa uliwonse ankatuluka m'kanyumba kawo kaudzu, kugwira mphuthu ya chitseko, n'kulunjika kumene kunkamvekera mjigo. Akagunda chitsa cha mtondo ankakhota, phazi n'kupeza kanjira ka kumunda. Mtedza ankapalira okha chokwawa, zala zikusiyanitsa udzu ndi mbewu. Ukati uwagwire dzanja ankakukalipira. "Ndasowa maso ine, miyendo ndili nayo."

Munda umenewo ndi umene unkawasunga kukhala munthu. Ndikutero chifukwa ndinaona zimene zinatsala atausiya.

Chaka china kunabwera a welofeya ndi alendo a bungwe lina lothandiza osaona. Anali anthu aulemu, sindingawanamizire. Anaona denga lodontha, anagwedeza mitu, n'kulonjeza nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Mudzi wonse unati tachita mwayi. Koma malo anasankha okha, m'mphepete mwa msewu wa ku boda, kuti lole ya simenti ifike bwino komanso odutsa aziona ntchito yawo. Anafunsa ine, anafunsa amalume, mlongo wawo wa amayi. Mwini wake, amayi, atakhala pamphasa pomwepo sanawafunse, ngati kuti matenda a maso amatsekanso pakamwa.

Tsiku lolowa m'nyumbamo kunali nthungululu ndi makamera. Amayi anawaveka chitenje chatsopano, kuwagwiritsa ndodo yoyera, kuwajambula. Woti awaphunzitse kuyenda nayo ndodoyo anati abwera sabata yamawa. Mlendo ndi mame, mpaka lero sabata yamawayo sinafike.

M'nyumba yatsopano amayi anasochera. Pansi ponse panali simenti yosalala, phazi silinkawauza kanthu. Mjigo sunkamveka, mathiraki opita ku Zambia ankameza phokoso lililonse. Atayesa kutuluka okha anapezeka ali pa phula, dalaivala wina akuwatukwana pawindo. Kuyambira pamenepo tinkawatsekera chitseko tikamapita kumunda. Mtima unkandipweteka, koma ndikanatani, mwana ali kumsana, khasu lili m'manja?

Masiku amene tinali pakhomo ankangokhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamiyendo. Odutsa panjinga ankawaponyera moni wachisoni, ena mpaka nthochi, poganiza kuti ndi wopemphetsa. Chakudya ankangochigwiragwira. Anthu akabwera kudzasirira malata, ine ndinkalakalaka nditawathira madzi otsukira mbale.

Mvula yoyamba itagwa amayi anamva fungo la dothi, ndipo anandiitana.

"Mwanawe, nthawi yodzala yakwana. Ndiperekeze kwathu."

"Kwanu ndi kuno, amayi."

"Usandiputsitse. Ukangondiimika pakhomo langa lakale, kwinako ndipita ndekha."

Kanyumba kaja amalume anali atakagwetsa kale, poti kanayamba kusunga njoka, ndipo malowo anaungapo mizere ya fodya. Chitsa cha mtondo anachizula n'kuotcha. Ndinawauza amayi zonsezo, koma anati akufuna akamve ndi mapazi awo.

Tinapita. Ndinawaimika pamene ndinkaganiza kuti panali khomo. Anavula masilipasi. Anatambasula dzanja kufuna mphuthu, n'kugwira mphepo. Mjigo unkamveka ndithu, ndipo nkhope yawo inawala. Anasuntha phazi, linagunda mzere. Anaulumpha, linagunda wina. Anafunafuna chitsa chija uku ndi uku, kenako anagwada n'kuyamba kupapasa dothi lonyowa ndi manja onse awiri.

Anapapasa nthawi yaitali. Ine ndinangoima, misozi ili chuchuchu. Pomaliza anadzuka, anapukuta matope pachitenje cha alendo chija, n'kutambasulira dzanja kwa ine, dzanja lomwe lija ankandikaniza.

"Ndigwire," anatero. "Ndibwezere kunyumba ya eni ake."