Ndinamasula Manja a Mwana Wanga M'madzi a ku Kawe

Kulakwa kwanga kunali kudzitama kuti madzi ndimawadziwa, ndipo kunangotsala pang'ono kuti kudzitamako kundiphetse mwana. Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri, moti ngakhale mkazi wanga amangoidziwa theka. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene simufuna kuuzidwa zochita pamaso pa ana anu, ndimvereni.

Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, ndipo kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Nditakula ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku Lilongwe, ndikukwatira. Zaka zoyambirira za matipate, pamene kutenga pasipoti kunasiya kukhala nkhani yonong'onezana, ndinagula kagalimoto kotha ndithu, koma kwa ine kanali ngati ndege. Ndinatenga tchuthi cha mwezi wathunthu ndi kuuza mkazi wanga kuti tipite ku Dar es Salaam tikaone amalume ake, telala amene anakhazikika kumeneko kalekale. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Popita ulendo unakoma, abale. Tinagona ku Mzuzu, tinaoloka pa Songwe, tinagonanso ku Mbeya ndi ku Iringa. Tayala linaphulika kawiri koma ife kumangoseka. Tadala ankakhala kutsogolo pafupi ndi ine, mafunso osatha, ndipo ataona nyamalikiti zikudutsa msewu anakuwa mpaka ndinaponda mabuleki. Amalume anatilandira bwino kwawo ku Kimara. Ana awo ankamva Chichewa koma kuyankha m'Chiswahili, ndipo patangopita masiku atatu Tadala naye anali atayamba kupereka moni wa "shikamoo" kwa aliyense wamkulu. Tinazungulira tauni yonse pa madaladala, timaminibasi takumeneko, thukuta lili kamukamu.

Tsiku lotsiriza, katundu atapakiridwa kale m'galimoto, Tadala anakumbutsa kuti ndinamulonjeza zigoba za nkhono za m'nyanja ya mchere zoti akaonetse anzake kusukulu. Amalume anati tipite ku Kawe, kumene kumakocheza asodzi. Tinafika cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo zimene ndinaona zinandidabwitsa. Nyanja kunalibe. Madzi anali ataphwa, atathawira kutali kwambiri, ngalawa zitagona chammbali pamchenga. Chapatali amayi ena anali atawerama, akutola zinthu m'zidebe.

Amalume anandigwira pamkono nandiuza momveka bwino, m'Chichewa. Anati, "Akamwini, iyi si nyanja yakwanu. Madzi awa amapita ndi kubwerera, tsiku ndi tsiku. Mukaona amayi aja ayamba kubwerera kumtunda, inunso nyamukani pomwepo." Ine ndinaseka ndi kuwafunsa ngati aiwala kuti akulankhula ndi munthu wa ku Nkhotakota. Mumtima mwanga ndinkati nyanja ikafuna kupha munthu imayamba yachenjeza: mwera umaomba, mafunde amakwiya, kumwamba kumada. Tsikulo kunali zii, kopanda ndi kamphepo komwe. Mkazi wanga anatsala ndi amalume pansi pa mtengo wa kokonati, ine ndinagwira Tadala dzanja ndi kulowa pamchengapo.

Tinayenda mtunda ndithu. Pena tinadutsa kakhwawa kamene madzi ake ankangofika m'kakolo, ndipo kutsidya kwake kunali mchenga wokwera, wodzaza ndi zigoba zokongola. Tadala ankatola ndi kuika m'kajumbo, akutchula mayina a anzake amene akawapatse. Posakhalitsa amayi aja anatidutsa, zidebe pamutu, akuyenda mwandawala. Mmodzi anaima, naloza kumtunda, nati, "Baba, maji yanajaa." Sindinganame kuti sindinamve. Ndinamva kuti akuti madzi akubwera. Ndinamuyankha ndi dzanja kuti tikubwera, koma mumtima ndinkati amayiwa ndi amantha chifukwa sadziwa kusambira. Ndinkafuna ndimupezere mwanayo chigoba chimodzi chachikulu.

Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Chimene chinandidzidzimutsa ndi madzi ofunda amene anandinyambita chidendene, pamalo pamene panali pouma. Nditatembenuka, mayo ine! Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje waukulu pakati pa ife ndi mtunda. Madziwo sanadzere kutsogolo kumene ndinkayang'ana, anatizungulira kumbuyo mwakachetechete. Mchenga umene tinaimapo unkachepa ndikuona. Anthu kumtunda ankaoneka ting'onoting'ono, ndipo ndinazindikira mkazi wanga ndi chitenje chake chofiira chimene ankachikupiza m'mwamba.

Mantha anandigwira, koma sindinafune kuti mwana aone. Ndinamuuza kuti tichite masewera a kubereka, ndipo anakwera kumsana ndi kundikolekera manja m'khosi. Ndinalowa. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, kenako pachifuwa, ndipo ankakoka chammbali ndi mphamvu imene sindinaionepo kwathu. Apo ndi pamene ndinaponda tizilombo takuda taminga timene timabisala m'miyala ya pansi pa nyanja. Ululu wake unandilasa mpaka kumutu, ndinadzandira, ndipo phazi linasowa pansi.

Ndinayamba kusambira nditavala buluku ndi malaya, mwana ali kumsana. Ndinamwa madzi amchere, ndipo m'malo mopita kumtunda ndinkaona kuti tikutengedwa. Tadala anachita mantha, nandifinya pakhosi ndi manja onse awiri, miyendo atandikulunga nayo pamimba. Ndinayesa kumuuza kuti amasuleko pang'ono koma mawu sanatuluke. Tinamira, tinatumphuka, tinamiranso. M'maso munayamba kuchita mdima.

Inu owerenga, apa ndi pamene pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Tili pansi pa madzi, ndinagwira manja a mwana wanga ndi kumasula zala zake pakhosi panga, chimodzichimodzi, iye akulimbikira kugwira. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinkafuna kumubweretsa kutsogolo kuti ndimugwire bwino. Mwina ndi zoona. Koma chimene ndimakumbukira ndi chakuti panthawi imeneyo ndinkangofuna mpweya basi. Nditatulutsa mutu ndi kupuma, m'manja mwanga munalibe kanthu. Pamadzi pankangoyandama patapata wake mmodzi.

Ndinakuwa ngati wamisala. Ndinamira kumufunafuna, maso akuwawa ndi mchere, osaona chilichonse. Mulungu yekha ndiye anachita chifundo. Msodzi wina wachikulire, amene madziwo anali atangoyandamitsa ngalawa yake, anali akutiyang'ana kuyambira pamene amayi aja anatisiya, ndipo anali atayamba kale kupalasa kubwera kwa ife. Iyeyo ndiye anaona diresi yachikasu ya Tadala pansi pa madzi, naikoka. Ine anandikweza pambuyo pake. Tadala anali lobodo, milomo itatuwa. Bamboyo anamugoneka chafufumimba pamwendo pake ndi kumusindikiza pamsana, ndipo patapita kanthawi kamene kwa ine kanali ngati chaka, mwana anasanza madzi nayamba kulira. Msodziyo sanandiyang'ane nkomwe mpaka tinafika kumtunda.

Mkazi wanga anali akudzigubuduza pamchenga. Atandifunsa chimene chinachitika, ndinati funde linandilanda mwana. Funde lake liti, poti tsikulo kunalibe mafunde? Amalume anangondiyang'ana. Anatitengera ku kachipatala kena komweko, kumene anamuyeza Tadala ndi kunena kuti ali bwino, ine nandizula minga ina kumapazi.

Tinachedwa masiku awiri, kenako tinauyamba wobwerera. Msewu unali womwewo koma unatalika koopsa. Ndinkayendetsa ndi mapazi otupa, ndipo Tadala anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo pamiyendo pa mayi ake, duu, osafunsa funso ndi limodzi lomwe. Ine maso anali pagalasi loonera kumbuyo. Akangotsegula pakamwa, ngakhale kuyasamula chabe, mtima wanga unkagunda kuti tsopano anena. Titadutsa Karonga, pamene msewu umayenda m'mbali mwa nyanja yathu, Tadala anadzifunditsa chitenje kumutu mpaka tinakwera mapiri. Tinafika ku Lilongwe asananene kanthu, ndipo m'kupita kwa zaka ndinayamba kukhulupirira kuti anali wamng'ono, anaiwala.

Lero Tadala ndi mayi wa pabanja pake, ali ndi mwana wamwamuna. Amandilemekeza, ndipo ndikadwala ndi iye amene amathamanga nane kuchipatala. Chaka chatha ndinamupempha kuti pa tchuthi nditenge mdzukulu wangayo tipite ku Nkhotakota akaone kwawo kwa agogo ake. Anamutuma mwanayo panja, natseka chitseko, nakhala pansi moyang'anana nane. Analankhula motsitsa mawu, wopanda mkwiyo. Anati, "Adadi, ine ndinakukhululukirani kalekale, ndipo amayi sindinawauze. Koma zala zanu zikumasula zanga ndimazikumbukira. Mwana wanga simupita naye kumadzi."

Ndinangogwira chipewa changa.

Ndiye inu owerenga, mukapita kudziko la eni, zimene mumadziwa kwanu zisiyeni kaye m'galimoto, mumvere eni malo. Akakuuzani kuti bwererani, bwererani pomwepo, ngakhale kunja kukuoneka bwino, ngakhale wokuuzaniyo ndi mayi wosenza chidebe amene simukumudziwa. Ndipo musamadzitame kuti ine mwana wanga ndingamufere, chifukwa simudziwa chimene manja anu adzachite mpweya ukadzakutherani. Chofunika ndi kusamufikitsa mwanayo pamalo oti zimenezo ziyesedwe. Ine ndinamufikitsapo wanga chifukwa cha chigoba cha nkhono ndi manyazi oti apongozi angandione ngati wamantha. Mdzukulu wanga ndimakacheza naye pakhonde la mayi ake, iwo ali pafupi, ndipo sindinapemphenso kuti ndipite naye kulikonse.