Mpanda wa Nkhadze wa Apongozi Anga

Dandaulo langa loyamba ndinalilemba Lachinayi lotsatira tsiku la Phulusa, chaka chachiwiri cha ukwati wanga, nkhondo ya Ajeremani isanamveke kuno. Dandaulo lachiwiri ndinalemba Pasaka atapita, lina lachitatu chimanga chili kale m'nkhokwe. Lililonse ndinkalemba pawiri, pepala lina lopereka, lina losunga, ndipo osungawo ndikadali nawo m'bokosi.

Masiku amenewo ndinali mkamwini kumudzi kwa akazi anga, cha ku Lobi, ndipo ndinkaphunzitsa katekisimu pa kasukulu kaudzu kuseri kwa chitunda. Nyumba za banjalo zinali mkati mwa mpanda wa nkhadze umene apongozi anga aakazi anabzala okha ali mtsikana. Nthambi zake anachita kusenza pamutu kuchokera kumudzi wawo wakale. Mpandawo unali wothithikana moti mbuzi, nkhumba, ngakhale fisi sankayesa n'komwe. M'nyengo yachisanu nkhungu ikatsika m'phiri inkakodwa m'nthambizo, mame n'kumadontha mpaka dzuwa litakwera, ife tikuothera dzuwa mkati, mphepo ikulira kunja.

Ine, pofuna kufupikitsa njira ya kusukulu, ndinadula kachipata kumbali ya kumtunda osapempha. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndinavomera papepala loyamba lomwe. Mvula itakhazikika, mbali yomweyo ya mpanda inayamba kuchita chikasu. Timasamba ta kunsonga tinayoyoka, kenaka nthambi zinayamba kufota.

Apongozi sindikanatha kulankhula nawo. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire, monga mwa ulemu wa nthawiyo. Mawu awo anadzera mwa akazi anga: "Amayi akuti chikwanje chanu n'chowawa." Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, anathirapo mchere.

"Aphunzitsi, dzanja lanulo ndi la sileti basi. Mukakhudza mtengo ukufa, nanga mlongo wangayu apulumuka?"

Akazi anga anathira phulusa patsinde. Ena anati tiikepo manyowa a mbuzi. Chikasu chinangopitirira. Ndiye ndinayamba kuuyang'ana mpandawo mtengo ndi mtengo. Mitengo iwiri imene ndinatema pakachipata paja inali itaphukira, yobiriwira bwino. Yodwala inali chapatali ndi kachipatako, ndipo matenda ankakwera kuchokera pansi, sankatsika kuchokera pabala ayi. Ndinatenga khasu. Nditangokumba pang'ono, dzenje linadzaza madzi. Mizu inali yakuda, yonunkha, khungu lake likusendeka ngati la mbatata yophika. Nkhadze imamera ndi pathanthwe pomwe, koma kuima m'madzi siifuna. Ndinalondola chinyezicho kukwera mtunda mpaka ndinakafika pa ngalande yatsopano. Anaikumba ndi alamu, kuti mbatata yawo ya kachewere isaole, pakuti mbewuyo inali yachilendo ndipo ankainyadira kwambiri. Madzi onse a m'munda mwawo ankathera patsinde pa mpanda wa amayi awo.

Mkamwini saneneza mwini mbumba pagulu. N'chifukwa chake ndinalemba. Vuto linali lakuti alamu sankadziwa kuwerenga, moti ndinachita kuwawerengera ndekha, iwo atatsamira khasu pakati pa mizere.

"Pepalali likuti ngalande yanga?"

"Likutero, alamu."

"Likutero pepala, kapena mukutero ndinu? Ine ndikungoona nyerere apa."

Anaseka, nalipinda, n'kukulungamo fodya wawo wamphuno. Mapepala awiri enawo anapitanso njira yomweyo.

Komabe anandilola kukhotetsa ngalandeyo kuti izithira kuchigwembe, ati pofuna kundisangalatsa chabe. Ndinazula mitengo yoola yonse. Mvula itatha, ine ndi akazi anga tinadula nthambi zathanzi, tinazigoneka pamthunzi masiku angapo kuti utomoni uume, kenaka tinazibzala pa mtumbira wokwera. Tsiku lodulalo dontho la utomoni linandigwera m'diso. Amene sanaonepo zimenezi asafune kuziona. Akazi anga anali ndi khanda lathu loyamba kumbuyo. Anandigoneka pamiyendo pawo, nandikamira mkaka wa m'mawere m'disomo, uku akundikalipira chapansipansi kuti amayi awo asamve.

"Inunso, munthu amadula nkhadze akuyang'ana kumwamba ngati ali m'tchalitchi?"

Ndinagona pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene diso linkafunira.

Mvula yotsatira mpanda unatseka, ndipo chikasu sichinabwerenso. Koma apongozi anatisiya osamva zoona, poti woyenera kuwauza anali mwana wawo yemweyo. Akazi anga nawonso anatsogola. Tatsala awiri, ine ndi alamu, tonse oyendera ndodo, ndipo pamaliro a sabata yatha ndinawamva ndi makutu angawa akuuza adzukulu kuti mpanda wa agogo awo unatsala pang'ono kutha ndi chikwanje cha mkamwini. Adzukuluwo ndi anganso.

Choncho, m'dandaulo lachinayi lino, ndikupempha mwaulemu kuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhale pansi mvula ya chaka chino isanagwe, alamu afunsidwe pamaso pa adzukulu kumene ngalande yawo inkathira madzi, ndipo yankho lawo lilembedwe n'kundipeza ndikadali moyo.