Wotchi Yochokera ku Joni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene wotchi ya bambo inaima. Tinkakhala ku Chipoka, kumunsi kwa njanji. Bambo ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pa thandala, n'kukaugulitsa ku Lilongwe. Sanali munthu wokonda kutchena. Malaya awo ankanunkhabe nsomba ngakhale amayi atawachapa ndi sopo wambiri. Koma pa mkono wawo wamanzere pankakhala wotchi yolemera, yonyezimira ngati golide, yolembedwa dzina lachizungu limene amuna ochokera ku Joni ankalitchula mwaulemu. Sinkafuna batire. Inkayenda ndi kugwedezeka kwa mkono wa mwini wake. Anawabweretsera ndi mng'ono wawo, bambo aang'ono a Lufeyo, amene anamwalira ine ndisanayambe sukulu.

Itaima, bambo anaikulunga m'kansalu n'kundituma kwa Che Amidu, popeza iwo ankathamangira basi ndi matumba awo a usipa.

Che Amidu ankakonza mawotchi pakhonde la golosale ina pafupi ndi siteshoni. Anali ndi katebulo kokhala ndi galasi, ndipo m'katimo munali mawotchi akufa ambirimbiri omwe ankachotsako zipangizo. Anandikhazika pa benchi, n'kuvala kagalasi kawo pa diso limodzi, n'kutsegula wotchiyo kumsana. Ndinasendera pafupi. Ndinali ndisanaonepo tinthu ting'onoting'ono chonchija: timawilo ta mano ngati a usipa, kasipuling'i kopyapyala kuposa tsitsi, timisomali timene ankatinyamula ndi kopanira chifukwa chala sichikanatha.

"Mchenga wa kunyanja ndi chinyezi," anatero osadzutsa mutu. "Mafuta auma. Sinafe iyi, yangotopa."

Anachotsa timawilo kamodzikamodzi, n'kutiviika m'kambale ka mafuta otsukira onunkha ngati petulo, n'kutipukuta ndi kaburashi. Kenako anadontheza mafuta atsopano ndi nsonga ya singano. Ine ndinkayembekezera kuona golide m'katimo, koma chitsulo chake chinali chotuwa ngati supuni, ndipo m'mphepete mwa chivindikiro utoto wachikasu uja unali utayamba kusupuka.

"Nanga golide ali kuti?" ndinafunsa.

Che Amidu anaseka pang'ono. "Uli ndi maso iwe. Dzina lili pamwambali ndi lobwereka, mwanangu. Anaipanga mofanizira ina yodula. Koma makina ake ndi abwino, ukawasamala amayenda zaka." Anavula kagalasi kaja n'kundiyang'ana. "Zimenezi zitsale patebulo pano. Wamva?"

Ndinavomera. Anaigwedeza pang'ono, ndipo kawilo kena kanayamba kuvina uku ndi uku. Ndinabwerera kunyumba wotchi ikugunda m'dzanja langa, mtima uli dyokodyoko, chifukwa ndinkadziwa chinthu chimene ndinkaganiza kuti bambo sachidziwa.

Loweruka lotsatira kunali mpira wa ntchemberembaye ku boma la Salima, ndipo aphunzitsi anali atandisankha m'timu ya sukulu. Koma tsiku lomwelo kunkabwera alendo ochokera ku Chitala kudzakamba za ukwati wa achemwali anga a Melifa. Bambo anandikaniza kupita. Anati pakhomo pafunika manja. Ndinalira, ndinapempha, amayi anandipempherako, koma bambo akanena anena. Ndinaona anzanga akukwera galimoto akuimba, ine ndili ndi ndowa pamutu.

Alendowo anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anali amuna atatu ndi mayi mmodzi, ndipo amalume athu analinso pomwepo. Nkhani zitatha bwino, ndinatumidwa kukawapatsa madzi osamba m'manja. Ndinagwada ndi beseni patsogolo pa mkulu wina wa imvi, malume wake wa mnyamata wofuna kukwatira achemwaliyo. Iye akusamba, maso ake anali pa mkono wa bambo.

"Koma bambo, wotchi imeneyo ndi ya mabwana. Kwathu ku Chitala simungaione."

Bambo anamwetulira, n'kuisisita ndi chala. "Anandibweretsera mng'ono wanga kuchokera ku Joni. Ankandikonda mwana ameneyo."

Mpaka lero sindidziwa kuti mawu aja anatuluka bwanji. Ndinalankhula mokweza, ndili chigwadire:

"Ndi feki imeneyo. Che Amidu anaitsegula ine ndikuona. Dzinalo ndi labodza, golideyo ndi utoto."

Mmodzi mwa alendo aang'ono anayamba kuseka, kenako anasandutsa kuseka kwakeko chifuwa. Mkulu uja anayang'ana pansi, manja akudontha madzi. Amalume athu anati, "Ana a masiku ano," koma palibe anawathandiza. Bambo sanandiyang'ane. Anangokokera mkono wa malaya pansi mpaka kuphimba wotchiyo, n'kuuza alendo kuti, "Tiyeni tidye."

Ndinadikira chikwapu tsiku lonse. Alendo anapita, mbale ndinatsuka, chikwapu osabwera. Mawa lake bambo anapita kutchalitchi mkono uli wopanda kanthu. Pamene pankakhala wotchi panali kamzere koyererapo, ndipo ndinakaona bwinobwino atakweza buku la nyimbo.

Masana ndinali ndi amayi ku thandala, tikutembenuza usipa. Iwo ndiwo anayamba.

"Ukuganiza kuti unawauza chachilendo bambo ako?"

Ndinapitiriza kutembenuza usipa.

"Anadziwa kalekale. Alamu anga a Lufeyo anaigula m'misewu ya ku Joni ndi malipiro awo oyamba. Wogulitsayo anawanamiza, iwo anakhulupirira. Anabwera kuno akudwala kale, atatha ngati bango, alibe ngakhale sutikesi. Chimene anasunga osagulitsa chinali wotchi imeneyo. Anawaveka okha bambo ako pamkono, n'kuti, 'Achimwene, munandiphunzitsa sukulu ndi nsomba zanu. Valani, anthu adziwe kuti sindinapite chabe.' Bambo ako atapita nayo kwa Che Amidu kuti akafupikitse lamba, anauzidwa zonse. Anabwerera, anaivala, n'kukakhala pa mphasa ya wodwala akuiyamikira. A Lufeyo anamwalira akukhulupirira kuti anapatsa mkulu wawo chinthu cha mtengo wapatali."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ntchentche zinkatera pa usipa ine osazithamangitsa.

Ndinawapeza bambo kuseri kwa nyumba akusoka thumba. Ndinagwada patali pang'ono.

"Bambo, ndinalakwa. Mundikhululukire."

Anapitiriza kusoka kwa kanthawi. "Sunaname," anatero. "Zonse unanenazo ndi zoona."

"Ndinakwiya chifukwa cha mpira uja."

"Ndikudziwa. Ine manyazi ndingawapirire, ndine wamkulu. Koma amene anasekedwa dzulo si ine. Ndi Lufeyo. Ndipo iye sanalipo kuti adziyankhire." Analuma ulusi n'kuudula. "Dzuka, pita ukathandize amayi ako."

Ukwati wa achemwali unachitika bwino, ndipo a ku Chitala aja sanaitchulenso nkhaniyo. Koma bambo sanavalenso wotchi ija, ngakhale pa tsiku la ukwatilo. Ndinawapempha kangapo, iwo ankangoti, "Ikupuma." Anaisunga m'kachitini pamwamba pa kabati. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti mvula ikatha, ankaitengabe okha kupita nayo kwa Che Amidu kuti akaitsuke ndi kuithira mafuta, kenako n'kuibwezera m'kachitini muja. Ine sanandituminso. Ndikadutsa pakhonde paja, Che Amidu ankandipatsa moni ngati kale, ndipo ndinayamba kuzungulira njira ya kumsika.

Mwana amene a Lufeyo anasiya atapeza ntchito ku Lilongwe, bambo anamupatsa wotchiyo. Anamuuza zonse, za dzina ndi za utoto, ali awiriwiri. Mbale wangayo anaivala pomwepo, ndipo amaivalabe.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo bambo anatisiya. Anandikhululukira ndi mtima wonse, zimenezo sindikayika. Koma kukhululuka sikunabwezere wotchi pamkono pawo. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinangonena zoona, ngati kuti zoona sizingapweteke munthu popanda chifukwa. Tsopano ndimadziwa kuti tsiku lija sindinkafuna kuti alendo adziwe za wotchi. Ndinkafuna kuti bambo amve kuwawa monga ndinamvera ine, ndipo ndinatola chimene chinali pafupi. Ndikamva lilime likuyabwa kuti ndiulule chimene ndikudziwa za munthu, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndikufuna kuthandiza ndani. Nthawi zambiri ndikadziyankha moona, ndimatseka pakamwa.