Gogodela imene amayi anakwecha ndi mchenga

Ine chimene chimandipalamulira ndi pakamwa pangapa. Ndimagwira ntchito yam'nyumba ku Milnerton, kuno ku Joni, kuchapa, kusita, kukolopa, ndipo Lachisanu ndimapukuta fumbi m'chipinda cha bambo ake a madamu, nkhalamba imene moyo wake wonse yakhala ikugula ndi kugulitsa zinthu zamakedzana. Pakhoma pake pali mfuti zakale zosawombanso, zakuda bii. Tsiku lina ndikupukuta, mkuluyo anandiuza kuti ndizigwire mosamala chifukwa imodzi yokha ikhoza kugula galimoto. Basi ine kufufuma ngati finye. Ndinati, "Zimenezi? Ifenso kwathu ku Ntcheu tili nayo, yaitali kuposa zanuzi."

Sindinaname ayi. Ndi gogodela ya agogo aamuna, bambo awo a amayi, ija yothira wonga kukamwa. Agogo atamwalira inapita kwa malume, malume atatisiya, banja linati ikhale yanga poti ndine woyamba mwa adzukulu. Koma umwini wangawo unali wa pakamwa chabe. Imakhala kuchipinda kwa amayi, ndipo akamasesa amailankhula ngati munthu. Nyumba ya agogo inagwa kalekale, munda anthu anagawana, chithunzi chawo palibe ngakhale chimodzi. Chimene amayi anatsala nacho cha bambo awo ndi mfutiyo basi.

Mkulu uja atamva, maso anachita kuwala. Anati ndimubweretsere zithunzi, makamaka za pamene pali zizindikiro za amene anaisula, andiuza mtengo wake. Zogulitsa ine sindinaziganizeko n'komwe. Mfuti ungadutse nayo bwanji pa Mwanza ndi pa Beitbridge? Ndinkangofuna ndimve mtengo, ndikawauze anzanga a ku Joe Slovo, kumene ndimakhala, kuti asamandione kukolopaku, kwathu kuli chuma chopachika pakhoma.

Ndikuweruka, mphepo ija ya kuno ikundikankha, ndinatumiza mawu pafoni kwa mng'ono wanga amene anakwatiwa pafupi ndi amayi. Ndinati, "Uwauze amayi kuti kuno kuli mzungu akufuna aone mfuti ija kuti adziwe mtengo. Muijambule ioneke bwino, musandichititse manyazi." Ndinatumiza n'kuiwala, mutu uli pa parafini ndi ndiwo.

Koma taganizani zimene amayi anamva. Mwana amene ali ku Joni amatumiza, saitanitsa. Akayamba kufunsa mtengo wa chinthu cha kumudzi ndiye kuti zamuthina, kaya ntchito yatha, kaya akudwala akubisa. Sanandifunse, poopa kundichititsa manyazi omwe ndinanenawo. Komanso kwathu chinthu sichionekera kwa mlendo chili chakuda. Ngakhale sefuliya yobwereka timabweza titaikwecha mpaka kudzionerapo nkhope.

Zithunzi zinafika Lamulungu la sabata yotsatira ndikuchokera kutchalitchi. Mayo ine! Sindinaizindikire. Chitsulo chonse chinali mbee, kung'anima, mtengo wake uli psuu ngati mpando watsopano. Mng'ono wanga anandifotokozera monyadira kuti amayi anakatapa okha mchenga kudambo, anasakaniza ndi phulusa ndi mandimu, n'kukhala kuseri kwa nyumba masiku angapo akukwecha, osalola munthu kuwathandiza. Mtengowo anaupala ndi galasi la botolo monga timapalira mpini, kenako alamu anapaka vanishi. Kansanza kofiira kamene agogo anamanga pakhosi pa mfutiyo anakadula chifukwa kanali kothaitha. Pachithunzi china panaoneka manja a amayi ataigwira, zala zili zotemekatemeka.

Lolemba ndinamuonetsa mkulu uja. Anakoka chithunzi ndi zala, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Amayi anga. Aitsuka."

Anapukusa mutu. Anati kuda kuja ndiye kunali umboni wa zaka zake, ndipo ogula amafuna komweko. Anandilozera pamalo pena posalala, nati apa panali chizindikiro cha amene anaipanga, chikanatiuza dziko ndi nthawi imene inachokera, koma mchenga wadya. Isanakwechedwe mwina ikanakhala ya mtengo ndithu, iye sangadziwenso. Panopa woigula angakhale mwini malo odyera wofuna chokongoletsera khoma, ndipo sangapereke zoposa mtengo wa nsapato.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Ndiye inu mumagula litsiro?" Anayankha mofatsa kuti inde, litsiro lomwelo. Ndinatuluka ndikunyinyirika, ndinakolopa kukhitchini ngati ndikumenyana ndi matailosi. Ndinakwiyira mkuluyo, ndinakwiyira mng'ono wanga wosaletsa, alamu ndi vanishi wawo. Koma pofika kunyumba onse anali atandithera, ndinatsala ndekha. Mawu oti ioneke bwino anatuluka pakamwa pa ndani? Mtima unandiwawa koopsa, ndipo umandiwawabe.

Sabata imeneyo ndinkazemba kuwaimbira amayi. Iwo ndi amene anaimba, pafoni ya mng'ono wanga, ndikuchapa zanga pampopi.

"Mwanawe, mzungu uja waiona? Ngati sinayere unene, mchenga ulipo."

"Yayera, amayi. Koma sitigulitsa. Ine sindimafuna kugulitsa, ndimangofunsa."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Kungofunsa?"

"Eya, amayi."

"Ntchito ilipo?"

"Ilipo."

"Sukudwala? Usandibisire."

"Ndili bwinobwino, amayi."

"Tithokoze Mulungu," anatero, n'kupuma mwamphamvu. Zoona anasangalala, ndinamva m'mawu awo. Bola akanandilalatira, akanandinena chitsiru, ndikanapeza pogwira. Ndinayamba kupepesa mawu akukolana, ndinati ndidzatumiza nsalu yofiira amangenso, ndinati aipachikenso pamalo pake ikhale monga kale.

"Ndinaipachika tsiku lomwelo," anatero amayi. "Koma ndaitsitsanso, ili pansi pa bedi. Ndimati ndikadzuka m'mawa n'kuiona, ndimadabwa kuti mfuti ya eni ake ikufunanji m'nyumba mwanga. Pamene panavuta kuyera mpomwe atate ankagwira, mwanawe. Ndinakwecha ndikulira, koma ndinati bola mwana wanga apulumuke."