Apongozi anga tinawagoneka ndi fodya

Chimene chinayamba kundiopsa ndi supuni. Apongozi anga aamuna anainyamula kuti adye phala, koma inangoima panjira, iwo akupuma mothamanga ngati akwera chitunda pomwe anali chikhalire pamkeka. Milomo inali itauma. Ndinawagwira pamphumi, kutentha ngati chiwaya. Kupuma kumeneku ndinali nditakumva kale.

Inu owerenga, ine ndinali pachitengwa kwa Kapelula, ndili ndi ana awiri aang'ono. Apongoziwo anali atangotuluka m'chipatala kumene anagonekedwa ndi chibayo, ndipo wowasamala ndinali ine. Powatulutsa, adokotala anatiuza pamaso kuti munthu wokalamba akadwala chibayo kamodzi, sichichedwa kumubwerera. Anati tiwasunge poyera, popanda fumbi kapena utsi.

Koma inali nyengo yosankha fodya. Kwathu kuno fodya akauma sagona m'chigafa, akuba angatenge. Amuna anga anamulowetsa yense m'chipinda cha bambo awo, mulu mpaka kudenga, n'kutseka zenera ndi thumba kuti tsamba lisaume n'kufumbutuka. Poti kunkazizira, anaikamo mbaula. Anatinso ana anga azigona momwemo kuti agogo akafuna madzi azidzatidzutsa.

Ndinayankhula. Ndinati, abambo ake a Tiyamike, kodi adokotala aja anati chiyani? Anandiyankha kuti, “Adokotalawo amalima fodya? Bambo anakulira m'fumbi lomweli.” Apongozi nawo anangoseka chotsokomola, amvekere, “Musavutike mayi, ine ndiye mlonda wake.” Mkamwini amayankha, koma mtengwa amayankha ndani? Ndinkangomvetsera chifuwa chawo tsiku ndi tsiku.

Tsiku la supunilo tinathamanga nawo panjinga yamoto. Chinali chibayo chomwe chija, koma ulendo uno thupi linali litatha mphamvu. Sanabwerereko amoyo.

Pamaliro alamu anga aakazi, amene sanawachapirepo ngakhale bulangete limodzi, ankauza anthu kuti ine sindinkawafunditsa bambo awo. Fodya sanamutchule. Chipindacho anachikhoma ndi loko kuti olira asalowemo, ndipo tsamba ngakhale limodzi silinaonongeke. Anamusamala fodyayo, zoona.

Titangomwaza maliro, wamng'ono wanga anayamba kutsokomola. Nditamukweza malaya ndinaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinamubereka mpaka kuchipatala, ndipo adokotala anati ndafika nthawi yabwino.

Inu amene mukusamala okalamba, kutuluka m'chipatala si kuchira ayi. Muziyang'ana pamene akugona, muzimvetsera kupuma kwawo, ndipo akayamba kubanika musadikire kuti kuche kawiri. Mukaona cholakwika, yankhulani mpaka akudeni. Ine ndinaopa kudedwa, ndipo andida ndithu, munthu ali m'manda.

Titatuluka m'chipatala ndi mwana, ndinapeza amuna anga atayala mkeka wa ana m'chipinda chomwe chija, ati mabelo a fodya sangagone okha. Ndinaupinda mkekawo iwo akuona, n'kuusenza pamutu. Wamng'ono kumbuyo, Tiyamike kudzanja, tinauyamba wapansi kupita kwa mayi anga kwa Lukwa. Amuna anga anandikuwira kuti ndikachoka ndisadzabwerenso. Ndinawauza kuti m'chipindamo agonemo okha.