Ndinachotsa batire m'galimoto, mwana wanga n'kulipira

Ndinalakwa ine, ndipo kulakwa kwanga kunali kusamvetsera. Mwana wanga Tamanda ali ndi zaka zinayi, koma dzanja lake lamanja siligwira kanthu mpaka lero.

Timakhala ku Manja. Amuna anga amanyamula anthu pa kagalimoto kakale, kuchoka ku Limbe kupita m'tauni. Magetsi akazima, tinali ndi chizolowezi chochotsa batire m'galimotomo n'kulumikiza mababu awiri ndi wailesi, anzathu oyandikana nawo n'kumadzatchajanso mafoni. M'mawa tinkalibwezera, galimoto ikayenda linkadzadza. Ine ndinkayesa kuti batire limadzadza lokha likangomva injini.

Lachisanu lina amuna anga anabwera nkhope ili gwaa, kuti kanyali kofiira kayaka kutsogolo kwa chiwongolero ndipo amakaniko apeza kuti olitaneta yafa. Anandifotokozera bwinobwino kuti injini imakoka lamba, lambayo amazunguza olitaneta, ndipo kuzungulirako ndi kumene kumabala magetsi. Batire ndi ndowa chabe, mpope wake ndi olitaneta.

"Mayi a Tamanda, mpope wafa. Zotsala m'ndowamu n'zoti ndikafikire kwa amakaniko Lolemba. Musakhudze."

Ndinavomera ndili mkati mosita, theka la mawuwo linapita ndi mphepo.

Loweruka iwo anapita kumaliro ku Bangwe. Magetsi anazima kuyambira m'mawa. Anabwera mayi oyandikana nafe, mafoni atatu m'manja, akuseka kuti kodi lero mwayamba kumana? Ndinachita manyazi. Ndinatenga sipanala, ndinamasula batire lija monga ndinkachitira masiku onse. Mumtima ndinkati injini idzabwezera. Madzulo ndinalimangiranso, osauza munthu.

Lamulungu masana Tamanda, amene anadzuka thupi lili moto, anayamba kuuma, maso kutembenuka. Amuna anga anathamangira m'galimoto. Kiyi anangoti ke-ke-ke. Iwo anandiyang'ana kamodzi, ine ndinazolika. Anthu anatikankha pamtsetse, injini inalira, tinanyamuka.

Inu owerenga, galimoto yopanda olitaneta imadya za m'batire ikamayenda, ndipo ine ndinali nditagawa kale chakudyacho. Tisanafike pa Chichiri inatsokomola kawiri n'kuzima pakati pa msewu. Tinakankha awiriwiri, mwana ali pampando wakumbuyo akuphupha, koma sinalirenso. Maminibasi ankadutsa odzadza, kondakitala wina n'kutikuwiza kuti chotsani chiphakasacho. Ndinabereka mwana n'kuyamba kuthamanga wopanda nsapato mpaka wanjinga yamoto anandiimira.

Kuchipatala anati ndi malungo a mu ubongo. Tamanda anagona masabata awiri. Ndinafunsa anamwino ngati tikanafika msanga dzanjalo likanapulumuka, iwo anati palibe angadziwe. Yankho limenelo ndi limene limandidya, chifukwa silindimanga, silindimasulanso.

Amuna anga sanandikalipirepo. Olitaneta anaikonza, galimoto ikuyenda. Koma ndikamamudyetsa Tamanda, iwo amatuluka panja.

Amayi anzanga, chinthu chimene chimakuthamangitsirani kuchipatala musachisandutse nyali. Akakuuzani kuti musakhudze, siyani zimene mukuchita, mufunse chifukwa mpaka mumvetse. Kanyali kofiira kakayaka, galimotoyo ikuyendera zotsalira. Ndipo musaope kutchedwa womana. Mafoni atatu aja anadzadza bwinobwino, eni ake anaiwala kalekale. Ine m'mawa uliwonse ndimapinda dzanja la mwana wanga kuti lilowe m'diresi.