Mphalapala ya m'kabokosi kabuluu

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimene bambo anasiya kuona, ndimaona kabokosi kabuluu kali pamaondo pawo, ndipo ndimamva fungo la mbatata ikupsa pambaula pakhonde pathu ku Chitawira. Chiperoni chinkagwa osalekeza, zovala osauma pachingwe, ife ana tikumenya mpira wachikulunga m'matope mpaka milomo kuchita kunjenjemera.

M'kabokosimo munali ndalama yasiliva, yaikulu kuposa zogulira zinthu, yotsekeredwa m'kapulasitiki koonekera mkati, ndipo mbali imodzi inali ndi mphalapala. Bambo anapatsidwa ndalamayo potsanzikana ndi bwana amene ankamuphikira ku Sunnyside. Mayi anakaionetsapo kwa mmwenye wina wa sitolo ku Limbe, amene anati zoterezi amapanga zochepa pokumbutsa anthu za nyama zimene zikutha, ndipo chala chikangoikhudza mtengo wake umagwa. Kuyambira pamenepo mayi anaisandutsa nkhokwe ya tsiku la mavuto, nalamula kuti isatsegulidwe.

Bambo anakulira ku Chikwawa, kumene ali mnyamata ankaziona mphalapala zikutsikira kudambo. Ng'ala itaphimba maso awo, ndikatha kusesa ndi kutsuka mbale ndinkakhala pambali pawo kuwafotokozera zimene zinali pandalamayo. Ndinkalephera ndithu. Ndinkati ikufanana ndi mbuzi yonenepa, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, n'kumanditchula mwana wa m'tauni. Kuseka kukatha ankasisita pulasitikiyo ndi chala chachikulu, osapezapo kanthu.

Sanapemphe ngakhale kamodzi kuti itsegulidwe. Koma Lamulungu lina titabwerako kutchalitchi, mayi anawayang'ana nthawi yaitali akusisita choncho, analowa kukhitchini, natuluka ndi mpeni wosendera mbatata. Bambo atamva pulasitiki ikulira anati, "Anachisale, nanga mtengo wake uja?" Mayi anangoti, "Mtengo wake ndi womwewu. Bweretsani dzanja." Chala cha bambo chinayenda pang'onopang'ono pandalamapo, chinapeza khosi, kenako nyanga zopindikira kumsana. "Yamphongo iyi," anatero motsitsa mawu. Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa momwemo, ndipo ndinazindikira kuti ine wa maso awiri ndinali ndisanaione bwino. Nyengo yonseyo ndalamayo inkakhala m'thumba la jekete lawo, yofunda ngati dzira.

Ndili nayo mpaka lero, yoderako ndiponso yosalala pamene chala chawo chinkadutsa, ndipo sindikhulupirira kuti wosonkhanitsa ndalama zoterezi angaifune. Mphalapala yamoyo sindinaionepo, ndipo akuti kumadambo kumene bambo ankanena kuja tsopano ndi minda. Mmwenye uja sindimuweruza, pakuti ananena zoona za malonda ake. Koma mkazi wanga atayamba kudwala matenda amene anamutenga, ndinatsegula kabati n'kutulutsa mbale za alendo zimene tinkasunga chikwatirane, ndipo tinadyeramo tsiku lililonse limene Mulungu anatipatsa.